MALEMU BOB MARLEY: KODI NYIMBO YAKE YOPAMBANA NDI ITI?

Papita zaka zoposa 40 cimwalirire Bob Marley, woimba wa ku cilumba ca Jamaica, koma liu lake likali kumveka pa wailesi, m'mabasi ndi m'magolosale a kumidzi ngati kuti mwini wake ali moyo. Paliponse pamene okonda nyimbo akhala pansi kukambirana za oimba ochuka a rock, pop ndi reggae, dzina lake sililephera kuchulidwa, ndipo mtsutso umene umabuka ndi umodzimodzi: mwa nyimbo zonse zimene iye anasiya, yopambana ndi iti? Funso limeneli silingayankhidwe ndi makutu okha, pakuti nyimbo zake zazikulu zinabadwa m'nthawi za mabvuto. Wofuna kusankha bwino ayenera kuyamba wadziwa njira imene mwini nyimbozo anayenda.

MWANA WA KUMUDZI

Robert Nesta Marley anabadwa pa 6 Febuluwale, 1945, m'mudzi wa Nine Mile, m'boma la St Ann, dera la mapiri kumene anthu amadalira khasu. Amai ake, a Cedella Malcolm, anali mtsikana wakuda wa zaka zosakwana 20, pamene atate ake, a Norval Marley, anali mzungu wacikulire, kapitao wa minda. Bambo ameneyu sanakhale ndi banja lake, ndipo anamwalira mu 1955 mwanayo ali ndi zaka 10. Amene anamulera ndi amai ake pamodzi ndi agogo ake aamuna, a Omeriah Malcolm, mlimi wolemekezeka m'mudzimo.

Ali ndi zaka ngati 12 anatsatira amai ake ku mzinda wa Kingston, nakakhala m'komboni ya Trench Town, kumene mabanja ambiri anali kugawana bwalo limodzi, mpope umodzi ndi pophikira pamodzi. Cifukwa ca khungu lake loyererako, ena anali kumunyoza kuti ndi mwana wa mzungu. Anayamba kuphunzira nchito yowocherera zitsulo, koma mtima wake unali kwina. Madzulo iye ndi anzake awiri, Neville Livingston, amene anadzachuka ndi dzina la Bunny Wailer, ndi Peter Tosh, anali kusonkhana pabwalo la woimba wina dzina lake Joe Higgs, amene anawaphunzitsa kugwirizanitsa mau poimba.

Mu 1962, caka cimene Jamaica analandira ufulu kucokera kwa Britain, Marley anajambulitsa nyimbo yake yoyamba, "Judge Not", koma sinayende malonda. Caka cotsatira anyamatawo anapanga gulu lochedwa The Wailers, ndiko kuti anthu olira mofuula. Kuciyambi kwa 1964 nyimbo yao "Simmer Down", yojambulidwa kwa a Clement Dodd ku Studio One, inakhala patsogolo pa nyimbo zonse m'dzikolo. Inali yolangiza anyamata andeu a m'komboni kuti aziziritse mitima yao. Kuchuka kunafika koma ndalama ai, kotero kuti atangokwatira Rita Anderson pa 10 Febuluwale, 1966, Marley anapita ku Wilmington, m'dziko la America, kumene amai ake anasamukira, kukagwira ganyu kwa miyezi ingapo.

Iye ali kumeneko, Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inaceza ku Jamaica mu Epulo caka comweco. Atabwerera kwao, Marley analowa cipembedzo ca Rastafari, ca anthu olemekeza mfumuyo ngati wodzozedwa wa Mulungu ndi okhulupirira kuti kwao kweni-kweni kwa adzukulu a akapolo ndi ku Africa. Cipembedzo cimeneci ndico cinamusungitsa tsitsi lalitali lopotana. Cimalolanso kusuta camba, mcitidwe umene malamulo a Zambia amaletsa. Pa za m'banja nako sanali wopanda cilema, pakuti angapo mwa ana ake 11 anabereka ndi akazi a kunja kwa ukwati.

NYIMBO YOTONTHOZA MAI WOLIRA

Mwai unatseguka mu 1972, pamene a Chris Blackwell, mwini kampani ya Island Records ku London, anapatsa anyamatawo mapaundi 4,000 kuti akajambule cimbale. Mu 1973 anatulutsa zimbale ziwiri, "Catch a Fire" ndi "Burnin'". Mzungu woimba rock, Eric Clapton, anatenga nyimbo imodzi ya m'cimbale caciwirico, "I Shot the Sheriff", naiimbanso mu 1974, ndipo inakhala patsogolo pa nyimbo zonse ku America. Apa ndipo okonda rock anayamba kufunsa za mwini nyimboyo. Pa nthawi yomweyo Bunny Wailer ndi Peter Tosh anacoka m'gululo, ndipo malo ao anatengedwa ndi azimai atatu ochedwa I-Threes: Rita Marley, Marcia Griffiths ndi Judy Mowatt.

Nyimbo yoyamba imene ambiri amaiika pa mpikisano ndi "No Woman, No Cry". Inatuluka mu 1974 m'cimbale ca "Natty Dread", koma imene dziko limaidziwa ndi yojambulidwa pamaso pa khamu ku Lyceum, mu London, mu Julai 1975. Ambiri amaimasulira molakwa, namayesa kuti imaphunzitsa kuti mwamuna wopanda mkazi alibe mabvuto. Tanthauzo lake ndi lina: mwamuna akutonthoza mai wosauka kuti apukute misozi, namukumbutsa masiku a njala amene anapirira pamodzi ku Trench Town. Pa cimbale, dzina la wopeka nyimboyi linalembedwa kuti ndi Vincent Ford, bwenzi la Marley lopunduka miyendo, limene linali kuphikira osauka a m'komboni cakudya caulere. Motero ndalama za nyimboyo zinathandiza kuti mphika umenewo usazime moto.

ZIPOLOPOLO NDI MTENDERE

Caka ca 1976 cinali ca cisankho ku Jamaica, ndipo anyamata a zipani ziwiri, ca Nduna Yaikulu a Michael Manley ndi ca a Edward Seaga, anali kuphana ndi mfuti m'makomboni. Marley anabvomera kuimba kwaulere pa msonkhano wochedwa Smile Jamaica, koma ena anauona ngati wokometsera boma. Usiku wa pa 3 Disembala anthu amfuti analowa pakhomo pake, pa 56 Hope Road, nayamba kuwombera. Cipolopolo cinamukanda pacifuwa ndi kulowa m'mkono, mkazi wake anabvulala kumutu, ndipo woyendetsa nchito zake, Don Taylor, anatsala pang'ono kufa. Patangopita masiku awiri, Marley anaimirira pamaso pa anthu ngati 80,000 naimba, cilonda cikali comanga. Pambuyo pake anacoka m'dzikolo nakakhala ku London.

Kumeneko, mu 1977, anajambula cimbale ca "Exodus", cimene cinakhala pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku Britain kwa masabata 56 otsatizana. M'menemo ndimo muli "One Love", nyimbo yaciwiri ya pa mpikisano, imene anaiimba koyamba mu 1965 akali mnyamata. Ndi nyimbo yoitana anthu kuti akhale a mtima umodzi, uthenga umene suli wacilendo kwa mtundu umene mfuu yake ndi One Zambia, One Nation. Kulemera kwake kuli pakuti woiimbayo anali ndi cipolopolo m'thupi.

Pa 22 Epulo, 1978, atabwerera ku Kingston, anaimba pa msonkhano wa mtendere ku National Stadium. Ali pakati pa nyimbo ya "Jamming" anaitana a Manley ndi a Seaga kuti akwere pa nsanja, nagwirizanitsa manja ao pamwamba pa mutu wake. Caka comweco analandira mendulo ya mtendere ku United Nations. Komabe nyimbo sinathe kuzima moto wa ndale, pakuti m'caka ca cisankho ca 1980 anthu oposa 800 anaphedwa.

NYIMBO YA UFULU WA ZIMBABWE

Maso a Marley anali pa Africa kuyambira kale. Nyimbo yake ya 1976 yochedwa "War" inatengedwa pa mau amene Mfumu Haile Selassie inalankhula ku United Nations mu Okutobala 1963, odzudzula tsankho ndi maboma opondereza anthu ku Angola, Mozambique ndi South Africa. Mu 1978 anakaceza ku Ethiopia, ndipo mu 1979 anatulutsa cimbale ca "Survival". Pa cikuto cake pali mbendera zambiri, pafupifupi zonse za mu Africa, kuphatikizapo ya Zambia ndi za zipani za ZANU ndi ZAPU. M'menemo muli nyimbo yacitatu ya pa mpikisano, "Zimbabwe", yolimbikitsa omenyera ufulu pa nthawi imene nkhondo inali isanathe.

Anthu a Zambia ali ndi cifukwa cao coikondera nyimbo imeneyi, pakuti nkhondoyo inafika mpaka pakhomo pao. Pa 19 Okutobala, 1978, asilikali a Rhodesia anaphulitsa misasa ya ZAPU ku Chikumbi, pafupi ndi Lusaka, ndi ku Mkushi, kumene woimba wokondedwa a Alick Nkhata anaphedwa.

Ufulu utayandikira, Marley anaitanidwa ku cikondwerero, ndipo analipira yekha ndalama zonyamulira gulu lake ndi zipangizo zake pa ndege. Usiku wa pa 17 Epulo, 1980, m'bwalo la Rufaro ku Salisbury, mzinda umene tsopano ndi Harare, mbendera ya Britain inatsitsidwa pakati pa usiku ndipo ya Zimbabwe inakwezedwa. Pa alendo panali Prince Charles, amene anadzakhala Mfumu ya Britain mu 2022, mai Indira Gandhi a ku India, ndi Mtsogoleri wa Zambia pa nthawiyo, a Kenneth Kaunda. Marley atayamba kuimba, anthu wamba amene anatsekeredwa kunja anakankha zipata, ndipo apolisi anawathira utsi wokhetsa misozi. Utsiwo unafika pa nsanja, nyimbo zinaima kwa kanthawi, kenaka zinayambanso. Atamva kuti ambiri sanaloledwe kulowa, Marley anaimbanso usiku wotsatira kuti anthu wamba amve.

NG'OMA YOLIRA BWINO

Akulu-akulu anati ng'oma yolira bwino sicedwa kung'ambika. Mu Julai 1977 madotolo anapeza kuti cilonda ca pansi pa cikhadabo ca cala cacikulu ca phazi lake, cimene iye anaciyesa cobvulala posewera mpira, cinali khansa ya pakhungu. Anamulangiza kuti calaco cidulidwe, koma anakana cifukwa ca cikhulupiriro cake, nalola kuti acotse cikhadabo ndi mnofu wa pansi pake wokha. Matendawo anayenda m'thupi mwakacetecete kwa zaka zitatu.

Mu Juni 1980 anatulutsa cimbale ca "Uprising", comaliza kutuluka iye ali moyo, ndipo mwezi womwewo anaimbira anthu ngati 100,000 ku Milan, m'dziko la Italy. Nyimbo yotseka cimbaleco ndi "Redemption Song", yacinai pa mpikisano. Mulibe ng'oma, mulibe azimai obvomereza, muli liu lake ndi gitala limodzi basi, monga mkulu woimba kalimba yekha pakhonde madzulo. Imayamba ndi akapolo ogulitsidwa m'zombo, ndipo phunziro lake ndi lakuti unyolo wa m'maganizo umatsalira ngakhale wa m'miyendo utadulidwa, ndi kuti woudula ndi mwini wake. Ganizo limeneli analitenga pa zimene Marcus Garvey, mtsogoleri wa anthu akuda wobadwira m'boma lomwelo la St Ann, analankhula ku Canada mu 1937.

Pa 21 Sepitembala, 1980, anagwa pansi ali kuthamanga ku Central Park, mu New York, ndipo kunapezeka kuti khansa yafika ku ubongo. Anaimba komaliza pa 23 Sepitembala ku Pittsburgh. Mu Novembala anabatizidwa mu mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia, napatsidwa dzina la Berhane Selassie. Atayesa mankhwala ku Germany kwa miyezi ingapo osathandizidwa, ananyamuka kuti akafere kwao, koma anatsirizika panjira, m'cipatala ca ku Miami, pa 11 Meyi, 1981, ali ndi zaka 36. Boma la Jamaica linamucitira maliro aulemu pa 21 Meyi, ndipo anaikidwa kumudzi kwao ku Nine Mile pamodzi ndi gitala lake.

CIGAMULO

Oweruza nyimbo nao sanagwirizane. Mu 1999 wailesi ya BBC inasankha "One Love" kukhala nyimbo ya zaka cikwi, pamene magazini ya Time inati "Exodus" ndico cimbale copambana m'zaka 100 zimenezo. Magazini ya Rolling Stone, posanja nyimbo 500 zopambana mu 2004, inaika "No Woman, No Cry" pamwamba pa nyimbo zake zonse, koma posanjanso mu 2021 inakweza "Redemption Song".

Aliyense wa osankhawo ali ndi mfundo. Mai wamasiye adzasankha nyimbo yomupukuta misozi, mfumu yoyanjanitsa mabanja okangana idzasankha ya mtima umodzi, ndipo amene anamva kulira kwa ndege za Rhodesia sadzaiwala "Zimbabwe". Koma ngati mpando uli umodzi wokha, woyenera kukhalapo ndi "Redemption Song". Nyimbo zinazo zimatonthoza ndi kulimbikitsa, pamene iyi imasiya nchito m'manja mwa woimva. Inatuluka patangopita miyezi iwiri Marley ataona ndi maso ake anthu akulira ndi utsi wa apolisi pa usiku weni-weni wa ufulu wao, umboni wakuti kukweza mbendera ndi ciyambi cabe. Ndiponso ndi nyimbo imene mnyamata aliyense wa kumudzi angaiimbe ndi gitala lake lacitini popanda kuicepetsa mphamvu, cifukwa mwini wake anaisiya ilibe cokometsera cina koma mau ake okha.