Al-Razi, dokotala amene anasiyanitsa chikuku ndi nthomba



M'chaka cha 2010 chikuku chitavuta m'dziko muno, mng'ono wanga anadwala tili kwathu ku Mitundu. Thupi kutentha, chifuwa, maso psuu, kenako totupa kuyambira kumaso mpaka thupi lonse. Agogo, amene ali ndi chipsera cha katemera wa nthomba pamkono, atamuona anadziwiratu kuti ndi chikuku. Anachira, Alhamdulillah, koma chaka chimenecho anthu oposa 100,000 anadwala ndipo mabanja ambiri anaika ana m'manda. Nditakula ndinadabwa kumva kuti zimene agogo anazindikira tsiku lija zinalembedwa momveka bwino zaka zoposa 1,000 zapitazo ndi Abu Bakr Muhammad ibn Zakariya al-Razi.

Al-Razi anabadwira mumzinda wa Rayy, pafupi ndi Tehran ku Iran, cha m'ma 865. Anayang'anira chipatala cha kwawoko, kenako cha ku Baghdad. Chimene chimandisangalatsa pa moyo wake n'chakuti sankangodalira mabuku a akale. Ankakhala pambali pa wodwala, kuyang'ana, kufunsa, n'kulemba. Ndi mmene anaonera kuti wodwala nthomba amamva msana kwambiri, pamene wa chikuku amasowa mtendere komanso amachita nseru. Analemba buku la matenda awiriwa, ndipo anachenjezamo za kusamala maso a wodwala. Atakalamba anasiya kuona, ndipo anamwalira ku Rayy cha m'ma 925. Ophunzira ake anasonkhanitsa zolemba zake m'buku la Al-Hawi, limene linamasuliridwa m'Chilatini mu 1279.

Koma tizilombo sanatione ayi, poti zida zoonera kunalibe. Iye ankaganiza kuti magazi ndi amene amawira okha m'thupi. Lero tikudziwa kuti chikuku chimayamba ndi kachilombo kamene kamatuluka wodwala akatsokomola kapena kuyetsemula. Kamatha kukhala mumpweya wa m'chipinda mpaka maola awiri, n'kulowa kudzera m'mphuno kapena m'kamwa. Kamaswana mwakachetechete masiku ngati 10 munthu asanamve kalikonse. Asilikali a m'thupi, amene ndi maselo oyera a m'magazi, akakazindikira amayamba nkhondo. Ena amapha maselo amene kachilomboka kalowamo, ena amapanga chitetezo chokagwira, ndipo ena amatsala akukakumbukira moyo wonse. N'chifukwa chake mng'ono wanga sadzadwalanso chikuku. Vuto n'lakuti kachilomboka kamapha ena mwa asilikali okumbukira matenda akale, ndiye mwana akangodzuka, chibayo kapena kutsekula m'mimba kumamupeza mosavuta.

Katemera amaphunzitsa asilikaliwa pogwiritsa ntchito kachilombo kofooketsedwa, mwana asanakumane ndi kenikeniko. Nthomba inatheratu padziko lonse ndi njira imeneyi, ndipo analengeza mu 1980. Chikuku tikadali nacho.

Sabata yatha ndinali ku Nathenje kwa achemwali anga. Nditatsegula kabuku ka kuchipatala ka mwana wawo, ndinapeza kuti wa miyezi 9 analandira, koma wachiwiri wa miyezi 15 anaiwala chifukwa cha ntchito za kumunda. Lachiwiri tinapita limodzi kusikelo, mwana analira pang'ono basi n'kugona kumsana.

Al-Razi anathera moyo wake akuyang'anitsitsa odwala popanda katemera woti awapatse. Ife tili naye, waulere. Madzulo ano tapemphani amayi kapena alamu anu akuonetseni kabuku ka mwana, muone ngati onse awiri analembedwamo.