Mfumu George VI: Msilikari wa Nchito Ziwiri

Ambiri a ife timaganiza kuti msilikari weniweni ndiye amene anamva kulira kwa mfuti ku nkhondo, koma wa pa perete angobvala zokongola cabe. Moyo wa Mfumu George VI ungatithandize kuweruza mlandu umenewu, pakuti iye anagwira nchito zonse ziwiri.

Anabadwa ku Sandringham pa 14 December 1895, ndipo anamucha Albert. Ali mnyamata anali wamanyazi ndi wacibwibwi. Pa sukulu ya asilikari a pamadzi ku Osborne anakhala wotsiriza m'kalasi mwace. Koma pa 31 May 1916, pa nkhondo ya Jutland, iye anali pakati pa oomba mizinga m'ngalawa yochedwa Collingwood, kulimbana ndi ngalawa za Ajeremani. Pambuyo pace nthenda ya m'mimba inamcotsa pa nyanja.

M'caka ca 1936 mkuru wace, Edward VIII, anatula pansi ufumu, ndipo Albert analowa m'malo mwace natenga dzina la George. Pamene nkhondo yaciwiri inabuka mu 1939, iye sakanatha kumenyanso yekha, popeza anali mfumu. Nchito yace inali kuyendera asilikari pa perete, kuwabveka mamendulo ndi kutonthoza anthu amene nyumba zao zinagumuka.

Kodi nchito imeneyi inali yopepuka? Iai. Ndege za adani zinali kuponya mabomba pa London, koma Mfumu sinathawe. Pa 13 September 1940 mabomba anagwa pa Buckingham Palace iye ali m'katimo. Mwezi womwewo anakhazikitsa mendulo ya George Cross, yolemekeza olimba mtima amene sanali maso ndi maso ndi adani. Mu June 1943 anapita pa ngalawa ku cisumbu ca Malta, cimene cinasautsidwa kwambiri ndi mabomba, kukathokoza anthu ace.

Nkhondo itatha, pa 8 June 1946, magulu a asilikari anaguba pamaso pace mu London, ndipo a Keyala analipo. Anamwalira pa 6 February 1952 ali ndi zaka 56.

Tsono ine nditi ulemu woyamba ngwa iwo amene anataya mwazi. Koma wa pa perete tisamnyoze, ngati aima nji pamalo pace tsiku la zoopsa, pakuti anzace pomuona amalimba mtima.