Al-Khwarizmi: Dzina Lomwe Lili M'foni Mwanu



Mukatsegula TikTok kapena Facebook, mavidiyo omwe mumawaona poyamba samangobwera okha ayi. Chimakusankhirani ndi algorithm. Koma kodi mukudziwa kuti liwu limeneli linachokera ku dzina la munthu?

Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi anabadwa cha m'ma 780. Dzina lake limaloza ku Khwarazm, dera la kum'mwera kwa nyanja ya Aral. Ntchito yake anaigwirira ku Baghdad, m'nthawi ya Khalifa al-Ma'mun yemwe analamulira kuyambira 813 mpaka 833.

Cha m'ma 820 analemba buku la al-jabr ndi al-muqabala, komwe kunachokera liwu loti algebra. Cholinga chake chinali kuthandiza anthu pa malonda, kuyeza minda, kukumba ngalande, kuweruza milandu komanso kugawa chuma cha masiye. Gawo lalikulu la bukuli ndi masamu a mirathi ndi wasiya: mkazi wamasiye atenge zingati, mwana wamkazi zingati, ngongole ya malemu ichotsedwe bwanji. Zonse anazilemba m'mawu, opanda x ndi y, sitepe ndi sitepe, moti aliyense wodziwa kuwerenga ankatha kutsatira n'kuona ngati wabeledwa.

Analembanso buku lophunzitsa manambala a ku India, kuphatikizapo ziro, ndipo sanabise kuti nzeruyo inachokera kwa Amwenye. Buku lachiarabulo linasowa, koma lomasuliridwa m'Chilatini linatsala, ndipo m'menemo dzina lake linalembedwa Algoritmi. Mu 1145 Robert of Chester anamasuliranso buku la algebra lija. Al-Khwarizmi anamwalira cha m'ma 850.

Tsono taganizirani. Njira zake zinali poyera, kuti wofooka asaponderezedwe. Lero ma algorithm ambiri ndi chinsinsi cha makampani. Amasankha nkhani yoti muwerenge, ndipo kwina amathandiza kugamula woyenera ngongole kapena ntchito, koma wokanidwayo nthawi zambiri sauzidwa chifukwa chake.

Inu amene mukuphunzira zamakompyuta, mawa mudzalemba pulogalamu yokhudza ndalama kapena mbiri ya munthu amene simudzamuona n'komwe. Imeneyo ndi amana. Musanaitulutse, dzifunseni: kodi amene yamukana angathe kuona mmene yawerengera? Nanga ikalakwitsa, akadandaule kwa ndani?

Allah amuchitire chifundo al-Khwarizmi, ndipo atipatse maphunziro opindulitsa anthu. Ameen.