DOTOLO RUDOLF SCHINDLER, WOLAMBULA NJIRA YOONERA M'CIFU

Kusanza magazi ndi nthenda yoopsa imene anthu a kwa Mphamba ndi madera ena a Lundazi aidziwa. Kawirikawiri gwero lake ndi zilonda za m'mimba, kapena likodzo limene laononga ciwindi, kotero kuti mitsempha ya kummero itupa ndi kuphulika. Lero ku cipatala cacikulu ca UTH mu Lusaka madotolo alowetsa kacipangizo konga payipi kupyolera pakamwa, naona pamene pakutuluka magazi, namanga mtsemphawo ndi timphira. Mmodzi wa olambula njira imeneyi anali Dotolo Rudolf Schindler.

A Schindler anabadwira mu Berlin, dziko la Germany, mu 1888. Itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse anagwira nchito m'cipatala ca Schwabing mu Munich. Masiku amenewo cipangizo coonera m'mimba cinali citsulo coongoka cosapindika. Dzanja la dotolo likaphonya pang'ono, citsuloco cinali kuboola mmero, ndipo odwala ena anafa naco. Madotolo ambiri anaciopa, koma iwo sanacisiye. Anapima odwala mazanamazana, akazi ao a Gabriele atagwira mutu wa wodwala ndi kumlimbitsa mtima, ndipo mu 1923 anasindikiza buku la zithunzi za m'kati mwa cifu.

Komabe ngozi ya citsulo cija inawasowetsa mtendere. Anagwirizana ndi mmisiri wa mu Berlin, Georg Wolf, ndipo mu 1932 anatulutsa cipangizo cimene mbali yake yakumunsi inali kupindika, m'kati mwake muli timagalasi tondandalikana topatsirana cithunzi kufikira ku diso la dotolo. Ngozi inacepa kwambiri.

Dziko lao silinawathokoze. Popeza atate ao anali Myuda, boma la Hitler linawatsekera m'ndende miyezi 6. Atamasulidwa mu 1934 anasamukira ku Chicago, ku America, kumene anaphunzitsa madotolo oculuka luso limeneli.

Cipangizo cao cinali coonera nthenda, sicinali kuletsa magazi. Mu 1957 Dotolo Basil Hirschowitz, wobadwira ku Bethal mu South Africa, anapanga cina ca ulusi wa galasi, copindika conse, nayamba ndi kucimeza iwo eni asanaciyese pa wodwala. Zipangizo zimene ziletsa magazi lero zinamera pamenepo. A Schindler anabwerera ku Munich atakalamba, namwalira komweko mu 1968, ali ndi zaka 80.