Zwangendaba Jere ndi Nyumba za Akazi Ake

Owerenga athu a ku Mzuzu, Ekwendeni ndi Mzimba yense alidziwa dzina la Zwangendaba, kholo la mafumu a Angoni. Anthu ambiri amkumbukira chifukwa cha nkhondo zake ndi ulendo wake wautali. Koma ife mwezi uno tifuna kusimba za banja lake, pakuti ufumu umene mikondo ya adani inalephera kuuthyola unang'ambikira m'nyumba za akazi.

Zwangendaba anali wa mfunda wa Jere, ndipo anakulira kum'mwera kwa Africa, natumikira Zwide, mfumu ya Andwandwe, monga mkulu wa nkhondo. Masiku amenewo mwana wamkazi wa mfumu sanali kudzisankhira mwamuna. Akulu anapangana okha, ng'ombe za malowolo zinaperekedwa, ndipo namwali anamuka kumene anamtuma, kuti akamange chibale pakati pa mabanja awiri omveka. Chomwecho Zwangendaba analandira mkazi wamkulu wa kwa Nqumayo, ndiwo mfunda wa Zwide mwini, ndipo onse anayembekeza kuti wolowa ufumu adzabadwira m'nyumba imeneyo.

Koma mkaziyo anakhala wopanda mwana. Pamenepo abale ake anachita monga mwa mwambo wao, napereka m'bale wake dzina lake Soseya, kuti ambalire mwana. Mkazi woperekedwa motere Angoni amamutcha inhlanzi, ndipo mwana wake amawerengedwa wa nyumba yaikulu.

Pamene Shaka anagonjetsa Zwide, cha m'ma 1819, Zwangendaba anatenga anthu ake nathawira kumpoto. Anayenda zaka zambiri, akuthira nkhondo mitundu ya m'njira ndi kutenga ana ake, kufikira anaoloka Zambezi pafupi ndi Zumbo mu November 1835, tsiku la kadamsana.

Akulu a Angoni amasimba kuti tsiku lina mfumu inapeza tsitsi m'mowa wochokera kumudzi wa akazi a kwa Nqumayo, wotchedwa Emveyeyeni. Inayesa kuti afuna kuilodza, nipsa mtima, nilamula kuti mudziwo uonongedwe pamodzi ndi okhalamo. Koma Gwaza Jere, nduna yotumidwayo, poona kuti Soseya ali ndi pakati, anamchitira chifundo, nambisa. Kobisalako anabala mwana wamwamuna, ndiye Ntuto, amene dziko linamdziwa pambuyo pake ndi dzina lakuti Mpezeni. Mkwiyo wa mfumu utapola, anamuonetsa mwanayo, ndipo inawaleka amoyo iye ndi amake. Komatu funso linatsala: kodi nyumba imene mfumu inaitaya ili nayo yaikulu? A kwa Mpezeni anati inde. Ena anati ukulu unapita kwa Munene, amake a M'mbelwa.

Zwangendaba anapyola dziko la Ansenga ndi la Atumbuka, nakafika ku Ufipa, kum'mawa kwa nyanja ya Tanganyika. Kumeneko anamanga mudzi wa Mapupo, namwalira komweko cha m'ma 1848. Ana ake anali asanakhwime, ndipo akulu anakangana, yense akukokera kunyumba imene anaikonda. Mtundu unagawikana. Mpezeni anamuka ndi anthu ake, nakakhazikika kudera la Chipata m'Zambia, kumene anamwalira mu 1900. Ena anabwerera kuno, ndipo ku Ng'onga, m'chigwa cha Henga, analonga M'mbelwa ufumu, mbale wake Mtwalo atamlekera mpando. M'dziko la Mtwalo ameneyu ndimo a Mishoni ya Livingstonia anatsegula Ekwendeni mu 1889.

Tisayese kuti mwambo uwu unali wa Angoni okha. Mafumu a ku Ulaya nawonso anakwatitsa ana ao chifukwa cha dziko ndi mapangano. Catherine wa ku Aragon, mwana wa mafumu a Spain, anatumizidwa ku England nakwatiwa ndi Arthur mu 1501. Arthur atamwalira chaka chotsatira, anamsungira mng'ono wake, Henry VIII, amene anamkwatira mu 1509; ndipo popeza analibe mwana wamwamuna wokhala ndi moyo, mfumuyo inamchotsa mu 1533. Catherine ndi Soseya sanamvane mbiri, koma katundu wao anali mmodzi: onse anaperekedwa ndi akulu, nayesedwa ndi mimba yao, natayidwa pamene mtima wa mfumu unatembenuka.

Inu makolo, ife sitinyoza uphungu wanu pa ukwati wa ana. Ankhoswe ndi akulu ali ndi ntchito yao yolemekezeka. Koma mwana wamkazi sali chikole cha pangano kapena mtengo wa ng'ombe. Iye ndiye munthu wolengedwa ndi Mulungu, wokhala nawo mtima wake. Musanalandire mau a banja lina, yambani mwamfunsa iye mwini. Ndipo akakhala wopanda mwana, musamuyese wotayika. Pokumbukira Zwangendaba, tikumbukirenso Soseya, ndi Gwaza amene anaika moyo wake pachiswe kuti apulumutse mkazi ndi khanda lake.