BISHOPU MACKENZIE, MUNTHU WOSABISA KANTHU

Pa caka cino ca Jubili ya misyoni yathu, kuyenera ife kukumbukira iwo amene anatitsogolera m'njira ya Ambuye. Woyamba wa iwo m'Eklesia wathu wa Anglican ndiye Bishopu Charles Frederick Mackenzie. Iye sanamange chalichi kuno ku Machinga kapena ku Balaka, ndipo masiku ace onse m'dziko muno sanakwane caka. Koma mbiri yace itikhudza ndithu, pakuti ena a ife tiri a mtundu wa Amang'anja amene anawathangata, ndi ena tiri a mtundu wa Ayao amene anamenyana nao. Cotero tidzainena mbiriyi yonse, zokoma ndi zowawa pamodzi, monga iye mwini anazolowera kucita.

Anabadwa pa 10 April 1825 ku Portmore, m'dziko la Scotland. Anaphunzira ku Cambridge, ndipo m'caka ca 1848 anakhala waciwiri pa mayeso akuru a masamu. Nampatsa malo aulemu pa sukulu ya Caius, nalowanso nchito ya unsembe. Pokhala komweko, mnzace wina amene anali kumuka kukalalikira ku Delhi, m'dziko la India, anasowa womthangata. Mackenzie anafunafuna munthu pakati pa anyamata, osampeza; ndipo anayamba kudzifunsa ngati nkwabwino kutuma ena kumene iye mwini safuna kumukako. Ulendo wa ku Delhi sunatheke, koma funsolo silinamleke. M'caka ca 1855 anasiya ulemu wace wonse, namuka ku Natal pamodzi ndi Bishopu Colenso ndi mlongo wace Anne.

Kumeneko mtima wace unaonekanso. Pa msonkhano wa Eklesia wa ku Pietermaritzburg, m'caka ca 1858, iye anati mipingo ya anthu akuda iyenera kukhala ndi mau olingana ndi mipingo ya Azungu. Pamene ambiri anakana, sanakhale cete ngati wobvomera, koma anaturuka mu msonkhanomo anthu onse akuona.

Tsono pa 4 December 1857 Dr Livingstone analankhula ku Cambridge, napempha kuti atume aphunzitsi ku dziko lino. Mwa mau amenewo munabadwa misyoni imene inachedwa U.M.C.A., ndipo m'caka ca 1859 anasankha Mackenzie akhale mtsogoleri wace. Anamdzoza ubishopu ku Cape Town pa 1 January 1861. Anakwera Zambezi ndi Shire m'ngalawa ya Livingstone yochedwa Pioneer, nafika kwa Chibisa, pafupi ndi Chikwawa, m'mwezi wa July. Pa 16 July, pa mudzi wa Mbame, a ulendo wao anakomana ndi akapolo omangidwa m'magoli, namasula anthu 84. Amenewo ndiwo anakhala banja loyamba la Bishopu pa Magomero, pa malo a mfumu Chigunda.

Masiku amenewo dziko linali losokonezeka. Ayao anali kulowa muno kucokera kum'mawa kwa nyanja, atapitikitsidwa ndi njala ndi nkhondo kwao. Mwa iwo munali Amachinga, a mafumu onga Kawinga ndi Liwonde, amene anadzakhala ku Chikala ndi m'mbali mwa Shire. Pofuna minda ndi cakudya, magulu ena analimbana ndi eni dziko, nagwira anthu, nawagulitsa. Mafumu a Amang'anja anadza kwa Bishopu kumdandaulira kuti awamenyere nkhondo. Livingstone pocoka anamcenjeza asalowe m'ndeu za mitundu. Koma Bishopu, poona midzi irikupsa ndi ana alikutengedwa, anabvomera. Asananyamuke anawapanganitsa mafumuwo kuti onse ogwidwa adzamasulidwa, ndi kuti iwo okha sadzagulanso kapena kugulitsa munthu. Pa 14 August 1861 anatsogolera nkhondo pa msasa wa Ayao; anthu anafa, nyumba zinapsa. M'mwezi wa October anamukanso. Ndipo caka cirikutha anatentha mudzi wa Manasomba, ku mbali ya Mulanje, cifukwa anthu ace anacitira ciwembu ansembe awiri, Procter ndi Scudamore.

Sitingathe kunena kuti ici cinali cabwino. Bishopu anayesa kuti mtundu wina ngwolakwa wokhawokha ndi wina ngwosalakwa. Koma anzace, makamaka Henry Rowley, anazindikira nalemba poyera kuti Ayao ambiri anali othawa ofuna pokhala, ndi kuti Amang'anja ena naonso anagulitsa anthu. Cifundo cinamfulumiza asanalidziwe dziko.

Koma taonani cimene anacita. Magomero anali kutari ndi England, ndipo kalata inatha miyezi yambiri panjira. Akadalemba za sukulu ndi za ana omasulidwa zokha, osachula mfuti, abwenzi ace akadakondwera, ndi zopereka zikadacuruka. Iye sanatero. Analembera Bishopu Gray wa ku Cape Town ndi abale ace, nanena za nkhondozo ndi zifukwa zace, osabisa kuti anatsogolera ndi iye mwini. Mbiriyo itafika ku England m'caka ca 1862, akuru ambiri anamtsutsa, mmodzi wa iwo ndiye Dr Pusey wa ku Oxford. Mau amene anamtsutsa nao anawapeza m'makalata a iye mwini ndi a anzace. M'caka ca 1864 bwenzi lace Harvey Goodwin anasindikiza buku la moyo wace, naikamo makalata ambiri, kuti yense awerenge nadziweruzire yekha.

Bishopu sanamve kutsutsako. M'mwezi wa January 1862 anatsika ndi wansembe Henry Burrup kukakomana ndi Livingstone pa mathiriro a Ruo, ndi kulandira mlongo wace ndi mkazi wa Burrup amene anali m'njira. Bwato lao linagubuduka usiku, ndi mankhwala a malungo anatayika m'madzi. Anafika pa cisumbu ca Malo, pafupi ndi Chiromo, Livingstone atapitirira kale. Pomwepo malungo anamgwira, namwalira pa 31 January 1862, ali ndi zaka 36. Burrup, wodwala iyenso, anamuika kutsidya kwa mtsinje, nabwerera ku Magomero, namwalira pa 22 February.

Otsalawo anasamukira kwa Chibisa. Njala yaikuru inagwa, ndipo m'caka ca 1863 Scudamore ndi sing'anga Dickinson anamwalira. Bishopu Tozer, wolowa m'malo mwace, anakana njira ya mfuti, nasamutsa misyoni kumka nayo ku Zanzibar m'caka ca 1864. Kwa anthu kunaoneka ngati zonse zatayika. Koma popeza colakwaco cinali poyera, Eklesia anatha kuciona ndi kucileka. Aphunzitsi anabwera kaciwiri opanda nkhondo, namanga pa Likoma m'caka ca 1885, ndipo m'caka ca 1898 Myao, Yohana Abdallah, anadzozedwa unsembe, natumikira anthu a mtundu wace ku Unangu. Cikadabisika cija, ndani akadacikonza?

Tsono, abale, ife tiphunzirapo ciani? Mulungu safuna kuti timuonetse nkhope yoyera mtima uli wina. Hananiya ndi Safira anapereka ndarama, koma anagwa cifukwa anafuna kuoneka oposa cimene anali. Davide anacimwa kwakukuru, koma anabvomera pamaso pa Natani, nakhululukidwa. Mackenzie ali ku mbali ya iwo osabisa.

Mau awa akhudza ife tonse, makamaka aphunzitsi ndi akatekisti. Polemba ciwerengo ca odza ku mapemphero ndi ku kalasi, tilembe amene anadza, osaonjezapo kuti tikondweretse Bambo wansembe. Powerenga zopereka, tiwerenge pamaso pa mboni, ndipo zikaperewera tinene kuti zaperewera. Pomuka ndi wophunzira ku ubatizo, tisambisire mlandu umene mudzi wonse uudziwa. Poulula machimo athu, tisachule ang'ono ndi kusunga lalikuru. Ndipo pokhala ndi anansi athu Asilamu, amene ali ambiri kuno kwathu, zocita zathu pamsika ndi pa malire a minda zilingane ndi mau athu a m'chalichi, pakuti ambiri a iwo sadzamva ulaliki wathu, koma muyeso wathu wa cimanga auona tsiku ndi tsiku.

Pa Jubili iyi tiyamika Mulungu cifukwa ca mtumiki wace ameneyu, amene anasiya kwao nadzagona m'nthaka ya m'mbali mwa Shire. Tipemphe kuti ife, Ayao ndi Amang'anja ndi a mitundu yonse amene tsopano tigwada pa gome limodzi, tikhale anthu oona pamaso pa Iye ndi pamaso pa wina ndi mnzace. Kuti iwo amene adzalemba mbiri ya mpingo uno pa Jubili irinkudza, asadzapeze kanthu kamene tinakakwirira.