Juan Manuel Fangio

Juan Manuel Fangio (24 Juni 1911 – 17 Julayi 1995) anali dalaivala wa galimoto zampikisano wa ku Argentina. Anakhala katswiri wa dziko lonse wa Formula One kasanu, ndi matimu anayi osiyana. Mpaka lero ndi iye yekha amene anatenga ukatswiriwu m'chaka chimene anasintha timu mpikisano uli mkati.

Ubwana ndi chiyambi

Fangio anabadwira m'tauni ya Balcarce, m'banja lochokera ku Italy. Sukulu anailekeza ali wamng'ono n'kuyamba kuphunzira umakaniko m'galaja. Anzake a mpira anamupatsa dzina loti El Chueco chifukwa cha matewe. Anatchuka m'mipikisano ya mtunda wautali ya m'misewu yafumbi ya ku South America, ndipo anakhala katswiri wa Argentina mu 1940 ndi 1941 akuyendetsa Chevrolet. Formula One itayamba mu 1950 n'kuti ali ndi zaka 38, msinkhu umene madalaivala ambiri a masiku ano amakhala atapuma. Ukatswiri woyamba anautenga mu 1951 ndi Alfa Romeo. Mu 1952 anathyoka khosi pa ngozi ya ku Monza ndipo chaka chonsecho sanapikisanenso.

Kusintha timu mu 1954

Kampani ya Mercedes-Benz ya ku Germany inakonza zobwerera ku mipikisanoyi mu 1954, ndipo mkulu wa timu yake, Alfred Neubauer, anafuna Fangio. Vuto linali loti galimoto yawo yatsopano, W196, inali isanathe kupangidwa. Kuidikira kukanamutayitsa mapointi, choncho Fangio anayamba chakacho ali ku Maserati. Ndi galimoto ya 250F anapambana kwawo ku Argentina mu Januwale, n'kupambananso ku Belgium mu Juni.

Pa 4 Julayi ku Reims, m'dziko la France, anatulukira m'galimoto ya Mercedes ndipo anapambana tsiku lomwelo, mnzake Karl Kling akumutsatira pambuyo. Komabe galimotoyo inali ndi chilema chake. Thupi lake linkaphimba matayala kuti izidula bwino mphepo, motero ku Silverstone Fangio sankaona pamene matayala akutsogolo akuponda. Anagunda migolo yoikidwa m'makona ndipo anamaliza pa nambala 4. Mercedes itapanga ina ya matayala apoyera, anapambana ku Germany, Switzerland ndi Italy motsatizana. Popeza mapointi amawerengedwa pa dzina la dalaivala, aja anapeza ku Maserati anaphatikizidwa ndi a ku Mercedes.

Ku Maserati kumene anachoka, udindo wotsogolera timu unagwera mnyamata wa kwawo amene Fangio ankamuthandiza, Onofre Marimón. Posakhalitsa chichokere Fangio, Marimón anafa pa ngozi pokonzekera mpikisano wa ku Nürburgring. Fangio anapikisanabe tsiku lotsatira ali ndi chisoni.

Zaka zotsatira

Anatenganso ukatswiri ndi Mercedes mu 1955, chaka chimene anthu oposa 80 anafa pa ngozi ya ku Le Mans, ndipo kampaniyo inasiya mipikisano chakacho chitatha. Mu 1956 anali ku Ferrari. Pa mpikisano womaliza ku Monza galimoto yake inawonongeka, koma Peter Collins, amene nayenso anali ndi mwayi wa ukatswiri, anatsika n'kumupatsa yake. Malamulo a nthawi imeneyo ankalola zimenezi. Mu 1957 anabwerera ku Maserati n'kutenga ukatswiri wachisanu ali ndi zaka 46. Palibe anapyola chiwerengerochi mpaka Michael Schumacher mu 2003.

Mu Febuluwale 1958 zigawenga za Fidel Castro zinamuba ku Havana, koma zinamumasula osamuvulaza mpikisano wa kumeneko utatha. Anapuma mu Julayi chaka chomwecho ku Reims, atapambana mipikisano 24 ya Formula One. Anamwalira ku Buenos Aires ali ndi zaka 84 ndipo anaikidwa ku Balcarce.